Tikamati "Ndazisiya M'manja mwa Mulungu", Timakhala Tasiya Chiyani?

Pali mawu amene Mmalawi aliyense amawadziwa, wopemphera ndi wosapemphera yemwe: "Zisiyeni m'manja mwa Mulungu." Amamveka pa maliro, amamveka mu minibasi ya ku Limbe kondakitala akadya chenji cha munthu, amauzidwanso mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kukatsekera foni komweko. Ndi mawu abwino ndipo ine ndimawakhulupirira. Vuto n'lakuti onena ake satanthauza chinthu chimodzi. Wina akamatero amakhala akuti "khala chete, watitopetsa nayo nkhani yakoyi." Wina amakhala akuti "dikira uone mmene Mulungu amukanthire." Amene amatanthauza kusiyadi ndi ochepa, ndipo ine zanditengera zaka zambiri kuti ndimvetse chimene munthu amasiyacho.

Bambo anga anamwalira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ine ndili ku pulayimale. Inali nthawi ija maliro anali paliponse mu Blantyre muno, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Akalipentala ambiri m'mbali mwa misewu anali atachepetsa zokhoma mipando n'kumakhoma mabokosi. Bambo ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, ndipo anali atamanga nyumba ya malata ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru. Sinali nyumba yodabwitsa ayi, koma inali yathu, ndipo mtengo wa mapeyala umene unali kuseri anadzala ndi iwowo.

Titangobwerako kumudzi koika maliro, misozi isanaume, abambo aang'ono anafika ndi lole. Sanakalipe, sanatukwane munthu. Anakhala pa mpando wa bambo, n'kunena mofatsa kuti, "Mlamu, katundu wa achimwene tikasunge kumudzi. Anawa akadzakula adzamupeza." Anyamata amene anabwera nawo anayamba kutulutsa: sofa, kabati, wailesi ya kaseti, njinga, mpaka mashini a Singer amene amayi ankasokera mayunifolomu a ana a sukulu. Amayi atanena kuti mashiniwo anagula okha ndi ndalama za chipereganyu, azakhali anawayankha kuti, "Ndalama zake munazitenga kuti, ngati si kwa mlongo wanga?" Za nyumba anati amayi akadali ndi thupi, akwatiwanso, ndipo mwamuna wina sangadzagone m'nyumba ya m'bale wawo. Mwezi usanathe anaikamo alendi. Ife tinapita kukachita lendi chipinda chimodzi ku Mbayani, amayi ndi ana atatu, chotchinga pakati ndi nsalu.

Amayi sanakwatiwenso. Katundu uja sitinamupeze titakula.

Koma chimene chinandikhala pamtima kuposa zonsezi ndi jekete. Bambo anali ndi jekete yotuwa imene ankavala Lamlungu lokha, ya batani limodzi losiyana ndi anzake chifukwa amayi anasokererapo lina lenileni litatayika. Patapita zaka, ndili ku sekondale, tinapita ku ukwati wa wachibale kumudzi. Abambo aang'ono anaimirira kuti alankhule m'malo mwa akuchimuna atavala jekete ija, batani lija likuonekera. Analankhula za chikondi ndi kupirira m'banja, anthu n'kuwomba m'manja. Nsima ya tsiku limenelo sinatsike.

Aliyense amene anakulira mu mpingo akudziwa zimene zimatsatira. Mkwiyo sukuletsa kupemphera. Ndinkaimba kwaya, ndinkaloweza mavesi, ndinkadya Mgonero, ndipo popemphera Pemphero la Ambuye ndinkafika pa mawu okhululukira amangawa athu n'kuwatchula bwinobwino ngati wina aliyense. Kungoti dzina la munthu uja likatchulidwa, m'mimba munkatentha. Ndinkakhoza kuchapa zovala uku ndikuweruza mlandu m'mutu, ine woimba mlandu, ine mboni, ine woweruza, mpaka madzi kutha mu beseni chigamulo chisanaperekedwe. Mawa lake bwalo n'kukhalanso.

Achibale ankayesa kutiyanjanitsa, koma mwa njira imene ndimaikana mpaka lero. Pa maliro aliwonse pankapezeka wamkulu wina woitanira amayi pambali: "Mayi, zakale sitikumba. Chibale ndi fupa, sichiola. Inu ndi Akhristu, khululukani." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaitanira abambo aang'ono pambali kuti, "Bambo, bwezani nyumba ya ana amasiye." Makolo omwewo amene anati chibale sichiola ananenanso kuti mlandu suola, koma mwambi wachiwiriwu unkaiwalika nthawi zonse. Ndaona zomwezi m'mipingo mwathu. Ulaliki wa kukhululuka timaulunjika kwa wolakwiridwa chifukwa ndiye wofewa, ndiye amene akulira, ndiye amene sangatiyankhe mwano. Wolakwayo, makamaka akakhala ndi kangachepe m'thumba, timamuopa. Kukhululuka kokakamiza chotere sikuchiritsa munthu. Kumangothandiza kuti mwambo wa maliro uyende bwino.

Nkhani ya Yosefe ndi imene alaliki amakonda pa mutu umenewu, ndipo ambiri amaithamangitsa: anagulitsidwa, anamangidwa, anakwezedwa, anakhululuka, ameni. Koma werengani Genesis kuyambira mutu 37 mpaka 50 mosafulumira. Mnyamatayu anagulitsidwa ali ndi zaka 17, pa mtengo wa ndalama zasiliva 20. Anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Kenako panadutsa zaka 7 za zokolola zambiri, ndipo pamene ankadziulula kwa abale ake njala inali itatha zaka ziwiri. Mukawerengetsa, ndi zaka zoposa 20. Ndipo abalewo atafika koyamba kudzagula tirigu, sanawathamangire n'kuwakumbatira. Anawalankhula mwaukali, anawatsekera masiku atatu, anatsala ndi Simeoni, kenako anabisa chikho m'thumba la Benjamini. Ankafuna aone ngati anthu amene anagulitsa mwana mmodzi wa Rakele, mayi wa Yosefe ndi Benjamini, angatayenso winayo. Yuda atadzipereka kuti akhale kapolo m'malo mwa Benjamini, m'pamene Yosefe analephera kudzigwira n'kulira mokweza.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri chili ku mutu 50. Yakobo atamwalira, abale aja anachita mantha kuti tsopano Yosefe abwezera. Poyankha, iye sanati "sizinali kanthu" kapena "ndinaiwala kalekale." Anawauza maso ndi maso kuti iwo anamupangira choipa, ngakhale Mulungu anachitembenuza kuti chipulumutse anthu ambiri. Choipa anachitchula dzina lake. Koma asananene zimenezo anawafunsa ngati iye ali m'malo a Mulungu. Yosefe anali ndi mphamvu zonse zowaphera, dziko lonse la Igupto linali m'manja mwake, koma mpando wa woweruza anaukana. Sanasiye choonadi. Anasiya mpando.

Amayi anga sanaphunzire zaumulungu, koma zimenezi ankazichita ine ndisanazimvetse. Ku Mbayani kuja anayamba kabizinesi ka pa benchi: tomato, anyezi, usipa, mafuta oyeza m'timapepala, ndi ufa wa timapaketi tija timati wokumani. M'chaka cha njala cha 2002 anthu ambiri ankatenga pa ngongole, ndipo amayi anali ndi kope la sukulu lolembamo mayina. Nthawi ndi nthawi, usiku pa koloboyi, ankatsegula kopelo n'kumayang'ana. Akafika pa dzina la munthu amene adziwa kuti sadzabweza, ankadula mzere pa dzinalo ndi bolopeni, n'kunena kuti, "Ameneyu ndamusiya." Tsiku lina ndinawafunsa ngati akabweranso amupatsanso. Anaseka. "Iwe, ndamusiyira ngongole, sindinamupatse benchi. Akabwera ndi ndalama ndimugulitsa, tipatsana moni bwinobwino. Koma m'kope muno salowanso."

Yesu nayenso anafanizira kukhululuka ndi ngongole, pa Mateyu 18, Petro atamufunsa ngati kasanu ndi kawiri n'kokwanira. M'fanizo lake, kapolo wina anakhululukidwa matalente 10,000, ngongole yoti sakanabweza ngakhale akanakhala ndi moyo kangati, koma anakanyanga pakhosi mnzake amene anali naye ngongole ya ndalama zasiliva 100. Alaliki amakonda kunena kuti ngongole yachiwiriyi inali yachabechabe. Sinali yachabechabe. Ndalama imodzi yotere inali malipiro a tsiku lathunthu la waganyu, monga tikuonera pa Mateyu 20, ndiye 100 ndi thukuta la miyezi yoposa itatu. Funsani wakabaza aliyense pa Ginnery Corner ngati ndalama ya miyezi itatu ndi yongoseka nayo. Yesu sanachepetse chimene mnzathu watilanda. Anangochiika pambali pa chimene ife tinakhululukidwa kuti tizione zonse ziwiri pamodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani ine ndinkalephera kudula mzere? Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti ndikudikira kupepesa. Koma nditadzifunsa moona mtima ndinapeza kuti pansi pa mkwiyowo panali mantha. Kumudzi nkhani inali itasintha kale: ankati amayi anachoka okha ku Chilomoni, katundu anachita kugawana mwamtendere. Azing'ono anga anali aang'ono kwambiri, sakumbuka lole ija. Amayi sankaikambanso. Ndinkaona ngati mboni yatsala ndine ndekha, ndipo ndikangosiya kukwiya ndiye kuti nkhaniyo yafa, zikhala ngati sizinachitike, ngati misozi ya amayi pa khonde paja inali ya chabe. Mkwiyo wanga unali umboni wokhawo umene unatsala, ndiye ndikanautaya bwanji?

Apa m'pamene kukhulupirira Mulungu kunasiya kukhala mawu a pa chitenje cha msonkhano. Pa Masalimo 56:8 Davide amapempha Mulungu kuti asunge misozi yake m'nsupa, ndipo amati zonse zinalembedwa m'buku la Mulunguyo. Pa Eksodo 22:22-23 Mulungu amachenjeza kuti mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye asazunzidwe, ndipo akalira kwa Iye adzamva ndithu. Ngati zimenezi n'zoona, ndiye kuti tsiku la lole lija panali mboni ina imene siikalamba, siiwala, ndipo sinyengereredwa ndi mbuzi ya pa Khirisimasi. Sindinafunikenso kukhala mlonda wa nkhaniyi usana ndi usiku. Aroma 12:19 amati tisabwezere tokha, kubwezera n'kwa Ambuye. Kale vesi imeneyi ndinkaimva ngati chiletso. Tsopano ndimaimva ngati kundipumitsa ntchito imene sinali yanga.

Koma apa pali dzenje limene ambiri timagweramo, ndipo ndinaliona bwino mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ija masiku otsatizana, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phirilo. Anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kummwera. Mwana wa abambo aang'ono, amene kwa ine ndi mlongo wanga, ankachita lendi komweko ndi mkazi wake ndi ana. Anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha, n'kukakhala pa msasa pa sukulu ina. Foni inalira, anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. "Mwanawe, wamva? Choipa chitsata mwini. Mulungu sagona." Mawu awo anali ndi kachimwemwe kamene sanathe kukabisa.

Sindiwaweruza, chifukwa anaona mmene mkulu wawo anavutikira. Koma taganizani. Mnyamata ameneyu tsiku la lole lija anali akukwawa. Anansi ake amene anakwiririka ndi matope sanalande nyumba ya munthu. Kodi Mulungu angaphe ana a eni ake ku Chilobwe kuti andikonzere mlandu wa ku Chilomoni? Yesu anafunsa za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, pa Luka 13, ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti ayi. Miyambo 24:17 imaletsa kukondwera mdani akagwa. Zambiri zimene timazitcha kusiya m'manja mwa Mulungu ndi kumulemba ganyu Mulunguyo kuti akatimenyere munthu, ife n'kumasuzumira pa windo kuti ntchito yafika pati. Mapemphero ena a usiku wonse amene timamva pa zimkuzamawu m'makwalala mwathu, a moto ndi kubwezera kwa wotumiza, amakhala omwewo. Munthu amatulukamo m'mawa mawu atasasa, mdani wake ali naye pamtima kuposa mmene analowera.

Nditawauza amayi za mlongo wanga uja, sanayankhe msanga. Anadzuka, analowa kuchipinda, n'kutulutsa bulangete, zitenje ziwiri ndi mapoto amene ankasungira alendo. "Kawapatse. Ana aja ndi adzukulu a bambo ako." Ndili pakhomo anandiitananso. "Usakanene kuti zachokera kwa ine. Angaone ngati ndikuwanyogodola." Ndinakwera minibasi ndi chikatundu changacho, ndipo pa msasa paja ndinamupeza mlongo wanga atakhala pa desiki ya ana a Sitandade 2, maondo ali m'mwamba, akuyang'ana pansi. Nkhope yake ndi ya bambo anga kuposa mmene ilili yanga. Sitinakambe za makolo. Tinakamba za mapepala ake a sukulu amene anapita ndi madzi.

Musaganize kuti nkhaniyi ili ndi mathero a mu filimu. Abambo aang'ono akadali moyo, akalamba, maso akuvuta. Sanapepesepo. Nyumba ija anaigulitsa kalekale, ndipo amene anagula anadula mtengo wa mapeyala n'kumangapo mpanda wa njerwa. Tikakumana pa maliro ndimagwada n'kuwapatsa moni: "Mwaswera bwanji, bambo?" Iwo amati, "Ndaswera mwanangu, kaya ana?" Ndimatha kuwapatsa madzi osamba m'manja osamva kutentha kuja. Koma sindingawasungitse chikalata changa cha malo, ndipo sindiona kuti pamenepa Chikhristu changa chaperewera. Davide anamuleka Sauli wamoyo m'phanga muja ku Engedi, Sauli mpaka analira n'kuvomera kulakwa, koma atasiyana Davide sanabwerere naye kunyumba yachifumu. Anakwera kubwerera kumalo ake obisalako.

Ndiponso sizinathe tsiku limodzi. Anthu ena amachitira umboni kuti anapita kutsogolo, abusa anawasanjika manja, katundu yense n'kugwa pompo. Mwina zimatero, sindingatsutse. Kwa ine zinali zobwerezabwereza. Pamakhala miyezi ndili bwinobwino, kenako mwini nyumba akakweza lendi, maganizo aja amabwera: tikanakhala ndi ya bambo ija. Nthawi zoterozo sindinamizira kuti sizikundiwawa. Ndimamuuza Mulungu mosabisa, monga amachitira olemba Masalimo. Masalimo 55 ndi kulira kwa munthu amene wapwetekedwa osati ndi mdani, koma ndi mnzake amene ankapita naye limodzi ku nyumba ya Mulungu, ndipo m'salimo lomwelo muli mawu otiuza kumusenzetsa Yehova nkhawa zathu. Kudandaula ndi kusenzetsa zili pa tsamba limodzi. Mwina n'chifukwa chake Yesu anamuuza Petro kuti asalekeze pa kasanu ndi kawiri, n'kumupatsa nambala yaikulu kwambiri. Nthawi zina si kuti munthu wakulakwira kambirimbiri, koma cholakwa chimodzi chomwecho chimabweranso, ndipo umachisiyanso.

Chimene chasintha m'moyo wanga wauzimu si chooneka ndi maso kwenikweni. Mapemphero anga anali odzadza ndi munthu mmodzi, tsopano muli malo a ena. Ndikamva wina akukamba za chilonda chake sindithamangiranso kumupatsa vesi. Ahebri 12:15 amachenjeza za muzu wowawa umene ukaphuka umadetsa ambiri, ndipo ine ndinayamba kuopa nditamva mwana wanga wamkazi akutchula "anthu akuba a kwa agogo" pamene sanawaonepo n'kamodzi komwe. Anazimva kwa ine. Nkhani ya lole ndidzamuuza yonse akakula, chifukwa ndi yoona ndipo ayenera kuidziwa, koma sindifuna kuti alandire udani ngati chuma chamasiye.

Chaka chino ku mlaga kwathu kuli mtsikana amene mwamuna wake wamwalira pa ngozi ya njinga yamoto, kumusiyira ana awiri. Achibale a mwamuna atenga njinga inayo imene inkabweretsa ndalama, ndipo akufuna makiyi a nyumba. Anabwera kwa ine akulira, akuti anthu ena a mu mpingo amuuza kuti Mkhristu sapita ku khoti, angozisiya m'manja mwa Mulungu. Ndinamuuza kuti nthawi ya amayi anga chitetezo chinali chochepa, koma kuyambira 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma chamasiye limene limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu. Ndinamuuza za Victim Support Unit ya ku polisi, ndi za Legal Aid Bureau imene imathandiza anthu osatha kulipira loya. Tinawerenganso limodzi Luka 18, pamene Yesu anasankha mkazi wamasiye wosatopa kugogoda kwa woweruza kuti akhale chitsanzo cha pemphero.

Anandifunsa kuti, "Nanga anti, ndikapita ku khoti ndiye kuti sindinakhululuke?" Ndinamuyankha kuti nyumbayo ndi ya ana, ndipo alibe ufulu woipereka m'dzina la kukhululuka. Chimene angasiye ndi kufunira alamu akewo zoipa, ndipo chimenecho chitenga nthawi yake, asalole munthu kumuthamangitsa nacho. Nkhani yake ili ku khoti tsopano. Alamu ake asiya kumuyankhula, ndipo mmodzi wa iwo akufalitsa pa WhatsApp kuti anapha yekha mwamuna wake. Tsiku la mlandu ndi mwezi wamawa, ndipo amayi awiri a Mvano anena kuti amuperekeza.